Kulonjera Masamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili mu Sitandade 7 kachiwiri, pamene bambo anga anandiuza kuti chaka chimenecho chinali chomaliza. Sanakalipe ayi. Bambo sanali munthu wokalipa. Anali atakhala pa chitsa pakhomo pa chigafa kwathu ku Mitundu, maso ali psuu ndi utsi wofukizira fodya, ndipo anayankhula mofatsa ngati akunena za mvula.

"Idesi, ukalepheranso mayeso a Julaye uno, basi. Waona wekha mmene manja akuchepera pakhomo pano. M'kalasi imodzi sakhalamo katatu."

Ndinangoti, "Ndamva, bambo." Ine sukulu ndinkaikonda, ngakhale tinkakhala pansi ndipo mphepo inkalowa m'mawindo opanda magalasi. Ndinkakonda fungo la choko, ndinkakonda kuyimba mathebulo mpaka mawu kusasa. Chimene chinkandigwetsa chinali chimodzi basi, masamu. Ndipo si masamu onse. Mukandipatsa manambala okhaokha, kuchulukitsa kapena kugawa, ndinkathamanga nawo kuposa anyamata onse a m'kalasimo. Vuto linali masamu ankhani aja, amene tinkawatchula kuti mapulobulemu. Amenewo ankabwera m'Chingerezi, mizere itatu kapena inayi ya mawu, manambala atabisala mkatimo.

Njira yanga inali iyi: ndinkadumpha mawu onse n'kutola manambala okha, monga nkhuku itolera chimanga pa mchenga. Nambala imodzi ikakhala yaikulu kwambiri, inzake yaing'ono, ndinkagawa. Akakhala oyandikana, ndinkachotsera. Ndikaona kuti dzulo ndinachotsera n'kulakwa, lero ndinkaphatikiza. Ndinkamaliza woyamba, n'kupita ndi kope langa kutsogolo mapewa ali m'mwamba, n'kubwerako ndi mitanda yofiira tsamba lonse.

Aphunzitsi athu, a Mbewe, ankangopukusa mutu. "Fulumira anadya gaga, Idesi. Werenga funso!"

Ndinkawerenganso, koma mothamanga kuposa poyamba. A Mbewe sindingawanene. Anali ndi ana odzaza chipinda mpaka pakhomo, ena atanyamula azing'ono awo kumsana. Akanakhala pansi ndi ndani n'kusiya ndani? Ndipo chimene sindinkatha kuwauza, chifukwa inenso sindinkachidziwa bwino, n'chakuti Chingerezicho ndinkachiopa. Ndikaona mawu ambirimbiri aja mtima unkagunda, ndiye ndinkathamangira ku manambala chifukwa ndi okhawo amene ndinkawadziwa nkhope.

Pa holide ya Pasaka bambo ananditumiza ku Nathenje kwa mlongo wawo, azakhali anga Nankhoma, kuti ndikawathandize mtedza. Ndikuganiza kuti ankafunanso ndiyambe kuzolowera ntchito imene inkandidikira. Ananditenga pa keliyala ya njinga, msewu wafumbi wokhawokha, fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano. Pafupi ndi msika achinyamata a chipani anatiimitsa kufunsa khadi. Bambo anavula chipewa, n'kutulutsa khadi lawo m'kati mwa chipewamo mmene linkakhala nthawi zonse, tinapitirira.

Azakhali anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wosasiyana ndi kabotolo ka fodya wa m'mphuno kamene ankamangirira pa nsonga ya chitenje. Sanapondemo m'kalasi chibadwire. Amuna awo, a Gomani, anabwerako ku Joni makutu atagontha pang'ono ndi phokoso la m'migodi, moti poyankhula nawo munkachita kuwayang'ana kumaso. Ana awo anali atakula n'kupita m'maukwati. Nyumba yawo inali kuseri kwa sitolo za amwenye ndi za Asilamu, ndipo phokoso la malole a pamsewu waukulu linkamveka tsiku lonse.

M'mawa tinkakumba mtedza. Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumathothola, zala zili bii ndi dothi. Dzuwa likapendeka azakhali ankandilola kutenga kope langa, mmene ndinakoperamo mapulobulemu amene a Mbewe anatipatsa kuti tikachite pa holide. Ndinkawachita onse nthawi yochepa chabe, n'kutseka kope. Ndinkadziwa kuti ndalakwa, koma sindinkadziwa kuti ndalakwa pati.

Tsiku lina masana kunabwera mlendo wa njinga, mkulu wina wochokera ku Diamphwe, wachibale wa a Gomani. Ndinamuyalira mphasa, ndinamupatsa madzi, n'kukhala pambali. Atapuma, azakhali anawomba m'manja pang'onopang'ono n'kuti, "Tilonjereni."

Amene munakulira m'tauni mwina simunawaone malonje enieni. Mlendo sangofikira kunena chimene wabwerera. Mkuluyo anayambira kwawo: anadzuka bwanji, anasiya ana ali bwanji, mayi a kunyumba akudandaula mwendo, mtsinje wa Diamphwe waphwera, njinga inaphulika tayala pafupi ndi mlatho, anakumana ndi maliro panjira n'kutsika kuyenda pansi. Ine ndinali nditayamba kale kuwodzera. Kumapeto kwenikweni ndi pamene ananena kuti mphwake akumanga banja mwezi wa mawa, ndipo akufuna a Gomani akaimire ngati nkhoswe.

Kenaka azakhali anatembenukira kwa amuna awo n'kuyambiranso nkhani yonse ija, kuyambira kudzuka mpaka tayala, m'mawu awoawo. Atafika pa ukwati anati ndi wa mwana wa mlendoyo. Mlendo anakweza dzanja. "Ayi, mphwanga, osati mwana wanga." Azakhali anapepesa, anakonza, n'kumaliza. Apo m'pamene a Gomani anayankha.

Mlendo atapita, ine ndi pakamwa panga ndinalephera kupirira. "Azakhali, nkhani yonse ija kuibwereza chifukwa chiyani? Ndi chifukwa cha makutu a bambowa?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Makutu? Ngakhale akanakhala ndi makutu a kalulu ndikanabwerezabe. Iwe, munthu wapalasa njinga kuchokera ku Diamphwe. Adziwa bwanji kuti tamumva? Ndikabwereza, pamene ndakhotetsa amandiwongola. Waona mmene ndinamupatsira mwana wosakhala wake? Bambo akowa akanapita kukaimira ukwati wolakwika."

Ananunkhiza fodya wawo, anayetsemula, kenaka maso awo anagwera pa kope langa. "Nanga iwe wakwinya nkhope chiyani masiku onsewa? M'bukumo mwalowa njoka?"

Ndinawauza zonse, za mitanda yofiira, za mawu a bambo pachigafa. Ndinalira pang'ono, ndisaname. Azakhali sananditonthoze. Anangokoka lichero la mtedza n'kuti, "Masamuwo akuti ndi ankhani? Tandiuza nkhani imodzi ndimve."

Ndinatsegula kope. "Pali sikisi, pali folo, pali fili. Ansala ndi thuu."

"Sindinafunse zimenezo. Ndati nkhani. Wabwera ndani m'menemo? Wachokera kuti? Akufuna chiyani?"

Ndinayang'ana pa tsambalo. Pulobulemu imeneyo ndinali nditaichita dzulo lake, ansala nditailemba n'kuidula mzere kunsi. Koma kuti ndinene kuti munali anthu kapena ng'ombe, sindikanatha. Manyazi anandigwira kuposa a m'kalasi.

"Ha! Mwana wa achimwene! Mlendo wafika pakhomo, sunamulonjere, ndiye wathamangira kukamuphera nkhuku. Nanga ngati wabwera kudzanena maliro?"

"Koma ndi Chingerezi, azakhali."

"Chingerezi ukuchidziwa ndiwe, ine ayi. Ndiye ine ndikhala bambo akowa, wogontha. Iwe umve kwa mlendoyo, undiuze ine m'Chichewa. Pang'onopang'ono. Mtedzawu sukuthawa."

Ndinayika chala pa liwu loyamba. Ndinadabwa kuona kuti mawu ambiri ndinkawadziwa, anali omwe aja a m'buku lowerenga. Amene sindinkawadziwa anali awiri kapena atatu, ndipo ndikawerenga oyandikana nawo, tanthauzo linkatulukira lokha. Ndinayamba mojejema.

"Akuti panali amuna asanu ndi mmodzi. Analima munda. Anaumaliza masiku anayi."

"Eya. Munda wa ndani?"

"Sananene."

"Anthu osalongosoka. Pitiriza."

"Ndiye akuti, akanakhala amuna atatu okha, akanalima munda womwewo masiku angati?"

"Ehe! Chimene wabwerera ndi chimenecho. Waona? Chimakhala kumapeto. Ndiye iwe unamuyankha kuti chiyani?"

"Masiku awiri."

Azakhali anasiya kuthothola. "Amuna sikisi masiku anayi. Atatu athawa, atsala atatu, ndiye amalize masiku awiri? Pokhapokha ngati mwini mundayo ali ndi ndondocha zomulimira usiku!"

Anaseka mpaka misozi, ndipo a Gomani, amene sanamve kanthu, anayambanso kuseka poona akazi awo. Inenso ndinaseka, koma m'mutu mwanga munali mutatseguka kanthu. Ndinawaona amuna atatu aja ndi makasu awo, thukuta lili kamukamu, mizere ya anzawo othawa ikuwadikira. Anthu achepa ndi theka, ndiye masiku awirikiza. Ndinafufuta thuu uja n'kulemba eyiti.

"Ndi masiku asanu ndi atatu, azakhali. Ndakhoza?"

"Ine ndidziwa bwanji? Koma zikumveka za anthu. Zija zinali za afiti."

Kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse tinali ndi alendo pansi pa mango paja. Kunabwera mayi wotunga madzi ndi ndowa yodontha, mnyamata wa njinga wothamangitsa mnzake amene ananyamuka m'mawa, mlimi wofuna kudziwa mitengo ingati ikwanira kuzungulira khola. Azakhali sankandilola kugwira pensulo ndisanamalize malonje. Pensulo ankaisunga iwo, atailowetsa m'duku. Ndikadumpha kanthu ankadziwa, ngakhale sankaona tsambalo, chifukwa nkhani inkatsimphina. "Ndowayo yadontha liti? Sunanene. Bwerera." Ndikamaliza ankabwereza okha zimene amva, ndipo akakhotetsa, nthawi zina dala, ine ndinkayenera kuwawongola monga anachitira mkulu wa ku Diamphwe.

Sikuti zonse zinkayenda bwino. Azakhali ankakangana ndi anthu a m'kope ngati ndi anansi awo. Tsiku lina kunali bambo amene anamwalira n'kusiya mbuzi makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, zoti zigawidwe mofanana kwa ana ake anayi.

"Kwa ana ake? Nanga ana a mlongo wake adya chiyani? Eni mbumba ali kuti?"

"Sananene za mbumba, azakhali."

"Mlandu umenewo sungathe lero. Ukawauze aphunzitsi ako kuti mbuzizo zisagawidwe kaye."

Ndinachita kuwachonderera kuti andipatse pensulo. Anandipatsa monyinyirika, ndipo nditanena kuti mwana aliyense alandira khumi ndi ziwiri anangoti, "Adye, koma adzaziona." Pamenepo ndinaphunzira chinthu china pandekha: mlendo wa m'buku umamuyankha pa zimene wanena, osati pa zimene iwe ukudziwa za kwanu.

Ndinabwerera ku Mitundu zala zitakakala. Temu yomaliza ija mitanda yofiira inayamba kuchepa. Sindinkamalizanso woyamba. Nthawi zambiri ndinkamaliza womaliza, anzanga atatuluka kale kukasewera fulaye, ine ndikadali kunong'oneza kope. A Mbewe anaona kusinthako koma sanafunse, ndipo ine sindinanene, poopa kusekedwa kuti ndikuphunzitsidwa masamu ndi munthu wosadziwa kulemba dzina lake.

Mayeso anafika m'nyengo yozizira, mphepo ya mwera ikuwomba kuchokera ku mapiri a Dzalanyama, miyendo yathu itatuwa ngati tagona paphulusa. A Mbewe analemba mafunso pa bolodi n'kunena lamulo lawo la masiku onse: wopezeka akuyankhula, pepala lake ling'ambidwa pomwepo. Ankachitadi zimenezo. Tinawaonapo akung'amba pepala la mwana wa a mfumu amene.

Gawo la manambala okhaokha ndinalidutsa msanga. Nditafika pa mapulobulemu, mtima unayamba kugunda kuja. Ndinayika pensulo kukhutu, chala pa mawu amene ndinakopera, n'kuyamba kuwauza azakhali nkhaniyo. Ndinkaganiza kuti ndikuyankhula mumtima. Koma pakamwa pozolowera sipamva lamulo. Ndinangoona mthunzi wagwera pa pepala langa, kenaka pepalalo lakwera m'mwamba.

"Ukuuza ndani?"

Mtsikana amene anakhala pafupi nane anasendera kutali, maso ali pansi. A Mbewe anali atagwira pepala langa ndi manja awiri, pamwamba, chala ndi chala, mmene ankagwirira asanang'ambe. Ndinagwada osadziwa kuti ndagwada.

"Sindikuuza munthu, aphunzitsi. Ndikulonjera."

"Ukutani?"

"Ndikulonjera funso."

Wina kumbuyo anapwetekula kuseka, ndipo kalasi yonse inatsatira. A Mbewe anamenya tebulo ndi ndodo, phokoso linatha. Kenaka anati, "Tuluka," ndipo ine ndinadziwa kuti sukulu yanga yathera pamenepo. Ndinatuluka. Koma iwonso anatuluka, pepala lili m'manja losang'ambika, n'kuima pakhonde pamene ankatha kuona m'kalasi.

"Lonjera ndimve. Funso lachisanu ndi chiwiri. Motsitsa mawu."

Mano akugundana ndi kuzizira ndi mantha, ndinawauza. Ndinati pali mayi amene ali ndi nsalu yaitali mamita akutiakuti. Wadulako yosokera madiresi atatu, diresi lililonse mamita akuti. Yotsalayo waigawa pakati, theka wapatsa mng'ono wake. Chimene akufuna kudziwa si nsalu ya madiresi ayi, komanso si yotsala yonse, koma imene mng'ono wakeyo walandira.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Azakhali anga a ku Nathenje."

"Ndi aphunzitsi?"

"Ayi. Amalima mtedza."

Sanaseke. Anandibwezera pepala n'kuloza pansi pakhondepo. "Khala apa wekha. Ulonjere mmene ungafunire, koma mphepo yokha ndi imene imve. Nthawi ikutha, sindikuwonjezera."

Ndinalemba nditakhala pa simenti yozizira, bolodi ndikuliona kudzera pakhomo, pepala nditalipanikiza ndi bondo kuti lisauluke. Belu linalira ndisanafike pa mafunso awiri omaliza. Kale ndikanatola manambala ake n'kuponyapo ansala iliyonse. Tsiku limenelo ndinawasiya opanda kanthu, ndipo ndinapita kunyumba ndikudziwa kuti mwina ndi omwewo amene andigwetse.

Pa tsiku lotsekera sukulu makolo ankabwera, ndipo mayina ankawerengedwa pabwalo, kuyambira woyamba kutsika mpaka kwa olephera. Bambo anabwera, anaima kumbuyo atagwira njinga yawo. A hedi anayamba kuwerenga Sitandade 7. Mayina anadutsa, anthu akuwomba m'manja, amayi akululutira. Dzina langa silinkabwera. Ndinali nditayamba kale kuyang'ana kumene ndithawire pamene ndinamva, "Idesi." Pambuyo panga panabwera mayina awiri okha, kenaka a hedi anapuma n'kuti, "Otsatirawa abwereza."

Pobwerera bambo anapalasa njinga. Ndinakhala pa keliyala, ndikuyang'ana msana wa malaya awo, ndikudikira. Kukhoza kwa kumchira koteroko, kodi kunali kukhoza kwa iwo? Tinadutsa dambo, tinadutsa chigayo. Titayandikira kwathu anatsika pa chitunda kuti tikankhe njinga, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti:

"Yunifolomu yakoyi yafupika. Mawondo ayamba kuoneka, a chipani angatimangitse. Mayi ako akugulire nsalu ina sukulu isanatsegulidwe."

Anangonena zomwezo basi. Ine ndinakankha njinga ija ndekha mpaka pakhomo, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Sukulu ndinapitiriza, ndipo ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma. Masiku ano adzukulu anga ndi ana a anansi amabwera pakhonde panga ndi makope awo, ndipo ndimamva makolo awo akunena kuti, "Ife masamu a masiku ano sitiwadziwa, tingawathandize bwanji?" Ndikamva zimenezo mtima umandiwawa, chifukwa ndimadziwa kuti mwana wotola manambala uja kawirikawiri si mbuli. Ndi mwana wamantha amene akufuna kuchoka msanga pamaso pa mawu omuopsa. Kumukalipira kuti awerenge funso kumangomuwonjezera liwiro. Chimene akusowa ndi munthu woti amuuze nkhaniyo, munthu amene sakuthamangira kwina ndipo akufunadi kumva.

Azakhali nditakula ndinawauzapo kuti ndi iwo amene anandiphunzitsa masamu. Anali atakalamba, maso atachita khungu, koma mawu akadali omwe aja. Anakana kwamtuwagalu.

"Usandinamizire, mwana wa achimwene. Ine masamu ndinawaonera kuti? Mayankho ako onse aja, ngakhale limodzi sindinadziwe ngati linali lokhoza. Ine ndinkangokhala pansi kuti iwe usathawe."